Kodi Kuzunzika kwa Anthu Ndi Umboni Wakuti Kulibe Mulungu?

M'mawa wa pa 1 Novembala 1755, matchalitchi a mumzinda wa Lisbon ku Portugal anali odzaza. Linali tsiku lokumbukira Oyera Onse, ndipo makandulo anali kuyaka pamaguwa ndi m'nyumba. Nthawi isanakwane 10 koloko, nthaka inagwedezeka, madenga amiyala n'kugwera anthu ali chigwadire. Amene anapulumuka anathamangira kudoko poti kumeneko kunalibe makoma oti awagwere. Pasanathe ola, mafunde aakulu ochokera m'nyanja analowa mumtsinje wa Tagus n'kuwakokolola. Zimene madzi anasiya, moto unanyeketsa kwa masiku angapo. Olemba mbiri ambiri amati amene anafa anali 30,000 kapena kuposa. Tchalitchi cha Carmo chikadali chopanda denga mpaka lero.

Chivomerezi chimenechi chinagwedezanso maganizo a anthu ku Ulaya konse. Wansembe wina, Gabriel Malagrida, analemba kuti chinali chilango cha machimo a mzindawo. Voltaire wa ku France anapsa mtima, nafunsa kuti makanda amene anafa analakwa chiyani, komanso ngati Lisbon inachimwa kuposa London kapena Paris. Jean-Jacques Rousseau anamuyankha m'kalata mu 1756 kuti si chilengedwe chimene chinathithikiza anthu m'nyumba zosanjikizana, anamanga okha. Immanuel Kant, ali mnyamata, anasiya za chilango n'kuyesa kufotokoza zimene zimachitika pansi pa nthaka.

Mayankho anayi omwewa tinawamvanso kwathu kuno mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera. Ena anati Mulungu wakwiya. Ena analoza mitengo imene inadulidwa ndi nyumba zomangidwa m'matsitso a phiri. Ena anafotokoza za namondwe amene anayenda pa nyanja ya India kwa masiku oposa 30. Koma funso la Voltaire, lakuti ana aja analakwanji, ambiri analifunsa chamumtima.

Chifukwa chake n'chodziwika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 2 okha pa 100 aliwonse ndiwo alibe chipembedzo, choncho wofunsa mokweza amaoneka wamwano. Koma funso silifa chifukwa chakuti talitsekera pakamwa. Mayi amene wangoika mwana m'manda amalifunsa ngakhale akuyimba nawo nyimbo za maliro. Ndi bwino tilibweretse poyera, timve zimene mbali iliyonse ikunena, ndipo iliyonse tiimve pamene ili ndi mphamvu zake zonse.

Mlandu wa osakhulupirira

Mlanduwu ndi wachidule. Akhristu, Asilamu ndi Ayuda amanena kuti Mulungu amadziwa zonse, amatha zonse, ndipo ndi wabwino kotheratu. Wotsutsa amati: Mulungu woona phiri likugumuka, wokhala ndi mphamvu zoliimitsa, wokonda ana amene ali kumunsi kwake, akanaliimitsa. Koma phiri linagumuka. Ndiye kuti mwina sanaone, mwina analephera, mwina sanasamale, kapena kulibe woti aone.

Mfundoyi ndi yakale kwambiri. Mkhristu wina wolemba mabuku, Lactantius, anati inachokera kwa Epicurus wa ku Greece, amene anamwalira mu 270 Yesu asanabadwe. David Hume wa ku Scotland anaibwereza m'buku limene linatuluka mu 1779, iye atamwalira kale. Mu 1955 J. L. Mackie anainola kwambiri, nati wokhulupirira amadzitsutsa yekha, chifukwa zimene amanena za Mulungu sizingakhale zoona pamodzi ndi kupezeka kwa zoipa. Ndipo asatinamize wina kuti mfundoyi ndi ya anthu osadziwa Malemba. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Akatolika wa m'zaka za m'ma 1200, asanapereke njira zake zisanu zosonyezera kuti Mulungu alipo, anayamba watchula zifukwa zimene anthu angakanire, ndipo choyamba chinali kupezeka kwa zoipa.

Yankho la ufulu wosankha

Yankho lotchuka kwambiri limati zoipa zambiri timabala ndife. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430, anaphunzitsa kuti Mulungu sanalenge choipa. Choipa ndi kuwonongeka kwa chinthu chabwino, ndipo chimayamba pamene mtima wa munthu wapatuka. Mu 1974 Alvin Plantinga wa ku America anaika yankholi mwadongosolo. Iye anati chikondi, kukhulupirika ndi kukoma mtima zili ndi tanthauzo pokhapokha ngati munthu akanatha kusankha zina. Kulenga munthu waufulu kenaka n'kumukakamiza kuti azisankha zabwino zokhazokha n'kudzitsutsa, ndipo mphamvu zonse sizitanthauza kuchita zodzitsutsa. Choncho n'zotheka kuti Mulungu wabwino alole zoipa pofuna dziko la anthu enieni.

Makolo athu anali ndi ganizo lofananirako. Nthano ya ku Kaphirintiwa imati poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhalira limodzi mwamtendere, mpaka munthu anapeka moto n'kutentha tchire. Nyama zinathawa, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, ndipo imfa inalowa. M'nthanoyi, kutalikira kwa Chauta kunabwera ndi dzanja la munthu.

Yankholi lili ndi mphamvu. Nkhondo, katangale, kuba mankhwala a odwala, kuyendetsa galimoto utaledzera: zonsezi zili ndi eni ake, ndipo kuzikankhira kwa Mulungu n'kuthawa mlandu. Afilosofi ambiri, ngakhale osakhulupirira, amavomereza kuti Plantinga anasonyeza kuti palibe kudzitsutsa kwenikweni. Mackie mwiniwake, m'buku lake la mu 1982, anafewetsa zimene ananena poyamba, ngakhale kuti sanasiye kutsutsa.

Komabe wotsutsa ali ndi mafunso atatu amene yankholi siliwafika bwino. Loyamba: ufulu wa wakupha umatetezedwa, nanga wa wophedwayo? Munthu amene angaone mwana akuzunzidwa n'kungoimirira, ati chifukwa akulemekeza ufulu wa womuzunzayo, sitingamutche wabwino. Lachiwiri: okhulupirira amati kumwamba anthu adzakhala aufulu koma osachimwa. Ngati n'zotheka kumeneko, bwanji sizinayambe choncho? Lachitatu ndilo lolemera: chivomerezi sichisankha, ndipo udzudzu ulibe chikumbumtima. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati malungo amapha anthu pafupifupi 600,000 pachaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana a mu Africa osakwana zaka 5. Rousseau ananena zoona kuti anthu amamanga malo oopsa, koma amene amamanga m'matsitso a phiri kawirikawiri ndi wosauka amene alibe kwina kopita, ndipo khanda silisankha nyumba yobadwiramo.

Palinso kuzunzika kwa nyama. Charles Darwin, amene ali wachinyamata ankaphunzira ku Cambridge kuti adzakhale mbusa, analembera mnzake Asa Gray mu 1860 za mtundu wina wa mavu. Mavu amenewa amaikira mazira m'thupi mwa mbozi yamoyo, ndipo ana ake akaswa amadya mboziyo kuyambira m'kati iyo ikadali ndi moyo. Darwin anati sangathe kudzikhutiritsa kuti Mulungu wachifundo anakonza zimenezi dala. Sayansi imatiuza kuti zamoyo zinkadyana, kudwala ndi kufa zaka mamiliyoni ambiri munthu asanaoneke. Kuzunzika kumeneko sikungaikidwe pamutu pa munthu.

Kodi mavuto amaumba munthu?

Apa okhulupirira amabweretsa yankho lachiwiri. John Hick wa ku England, m'buku lake la mu 1966, anatsatira maganizo a Irenaeus, bishopu wa m'zaka za m'ma 100, n'kunena kuti munthu sanalengedwe womalizidwa. Akuumbidwabe, ndipo dzikoli ndi malo okuliramo. Popanda choopsa sipangakhale kulimba mtima, popanda wosowa sipangakhale kupatsa. Komanso dziko liyenera kuyenda mwa malamulo okhazikika kuti munthu athe kulima, kumanga ndi kuphunzira. Madzi amene amameretsa chimanga ndi omwewo amene amamiza; akanamasintha khalidwe nthawi iliyonse mwana akagweramo, palibe chochita chathu chimene chikanakhala ndi zotsatira.

Mfundoyi si yopeka. Ku Chilobwe anthu anakumba matope ndi makasu ndi manja kufunafuna anzawo, ndipo masukulu ndi matchalitchi anasanduka malo ogona a anthu osadziwana. Ambirife tikudziwa munthu amene matenda kapena umasiye zinamusandutsa wachifundo kuposa kale.

Koma mu 1979 William Rowe wa ku America anasintha kayendedwe ka mlanduwu. Iye anati sakunena kuti Mulungu ndi zoipa sizingakhalire pamodzi. Akunena kuti kuchuluka ndi mtundu wa kuzunzika zimachititsa kuti kukhalapo kwa Mulungu kukhale kokayikitsa. Anapereka chitsanzo cha mwana wa gwape. Mphezi yayatsa moto m'nkhalango yakutali, kamwana ka gwape kapsa, kagona masiku angapo kakumva ululu, kenaka kafa. Palibe munthu anakaona, palibe anaphunzirapo kanthu, palibe ufulu wa wina umene unatetezedwa. Kodi ululu umenewo unatumikira chiyani? Ngati kuzunzika kopanda phindu kuliko ngakhale kumodzi, Rowe anati, Mulungu wabwino ndi wamphamvu akanakuletsa.

Ndipo mavuto saumba aliyense. Ena amawaphwanya osadzukanso. Mwana womwalira ali ndi miyezi 8 sanapatsidwe mpata wokula mumtima. Tikanena kuti anafa kuti makolo ake aphunzire kupirira, tamusandutsa chipangizo chophunzitsira ena. Wolemba wa ku Russia, Fyodor Dostoevsky, amene anataya mwana wake wa zaka pafupifupi 3 mu 1878, anaika kukana kumeneku m'kamwa mwa Ivan Karamazov m'buku limene linamalizidwa mu 1880. Ivan sanena kuti kulibe Mulungu. Amangokana kulandira chimwemwe chilichonse cham'tsogolo chimene mtengo wake ndi kuzunzika kwa mwana wosalakwa. Chochititsa chidwi n'chakuti Dostoevsky anali wokhulupirira, koma sanafooketse mawu a Ivan kuti chikhulupiriro chake chipambane mosavuta.

Nzeru zathu zili ndi malire

Yankho lachitatu silifotokoza chifukwa. Limati sitingayembekeze kuchidziwa. M'buku la Yobu, Mulungu akayamba kuyankhula samuuza Yobu chifukwa chimene ana ake anafera. Amamuonetsa kukula kwa chilengedwe ndi kuchepa kwa zimene munthu amadziwa. M'Kurani, sura 18, Musa akuyenda ndi mtumiki wina wa Mulungu amene akuchita zinthu zooneka zankhanza, monga kuboola bwato la anthu osauka, ndipo tanthauzo lake likudziwika pambuyo pake. Mu 1984 Stephen Wykstra anaika mfundo yomweyi m'chiyankhulo cha afilosofi: kusaona chifukwa si umboni wakuti chifukwa palibe, makamaka ngati woonayo ndi wamng'ono kwambiri poyerekeza ndi zimene akuyesa kuona.

Taganizirani mayi amene wapita ndi khanda kusikelo tsiku la katemera. Amakhala pabenchi, kumasula nsalu, kuvula mwendo wa mwana n'kuugwira mwamphamvu kuti usagwedezeke. Jekeseni ikalowa, khanda limakuwa likuyang'ana nkhope ya mayi ake, amene akuthandiza mlendo kulibaya. Khandalo silingamvetse za chikuku kapena poliyo ngakhale mutalifotokozera tsiku lonse. Okhulupirira amati mtunda wa pakati pa nzeru zathu ndi za Mulungu ndi waukulu kuposa wa pakati pa khandalo ndi mayi ake.

Rowe anayankha kuti tiyang'anitsitse mayi yemweyo. Jekeseni ikangotuluka amalinyamula khandalo, kulisisita, kuliyamwitsa, kuliyankhula. Sangathe kulifotokozera, koma salisiya likulira lokha. Nanga bwanji anthu ambiri pa nthawi ya kuzunzika kwakukulu amangomva zii? Funsoli linakula kukhala mtsutso wakewake pamene J. L. Schellenberg wa ku Canada analemba mu 1993 kuti Mulungu wachikondi sakanalola munthu womufunafuna moona mtima kulephera kumupeza. Anthu otero alipo. Makalata a Mayi Teresa a ku Calcutta, amene anasindikizidwa mu 2007, anaonetsa kuti iwo anakhala zaka zambiri akumva kuti Mulungu ali kutali. Wosakhulupirira amati umenewo ndi umboni wake. Wokhulupirira amati mayiwo sanasiye kutumikira, ndipo chikhulupiriro sichidalira zimene mtima ukumva tsiku limenelo.

Yankho la malire a nzeru lili ndi vuto linanso. Ngati sitingathe kuweruza kuti imfa ya mwana ndi yopanda phindu, tingaweruze bwanji kuti mvula yabwino ndi chizindikiro cha chikondi? Amene amathokoza Mulungu chifukwa cha mmodzi wopulumuka pangozi ya basi, n'kunena kuti za ena onse amene afa ndi chinsinsi, akugwiritsa ntchito miyeso iwiri. Akhristu ena amayankha kuti chidaliro chawo sichichokera pa kuwerenga madalitso, koma pa mtanda. Jürgen Moltmann wa ku Germany, amene anakhala mkaidi wa pankhondo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, analemba mu 1972 kuti Mulungu wa Chikhristu saonerera kuzunzika ali patali, koma analowamo yekha. Ganizoli latonthoza ambiri. Komabe limayankha funso lakuti Mulungu ali kuti, osati lakuti bwanji sanaletse.

Mlandu wa nzeru za munthu

Kupatula kuzunzika, osakhulupirira amati zifukwa zakale zokhulupirira zinafooka. Mu 1802 William Paley anati wotola wotchi patchire amadziwa kuti pali anaipanga, ndipo diso la munthu ndi lodabwitsa kuposa wotchi. Mu 1859 Darwin anaonetsa njira imene zamoyo zingasinthikire pang'onopang'ono, zoyenerera malo ake n'kumapulumuka ndi kuberekana, mpaka kuoneka ngati zokonzedwa dala. Hume anali atanena kale kuti ngakhale titavomereza kuti dziko lili ndi wolipanga, tikayang'ana dzikolo palokha sitingadziwe kuti wolipangayo ndi mmodzi, wangwiro kapena wachifundo. Ndipo kwa onena kuti chilichonse chili ndi chochiyambitsa, Bertrand Russell anafunsa mu 1927 ku London kuti nanga Mulunguyo anayambitsidwa ndi ndani.

Okhulupirira sanasowe chonena. Iwo amati mfundo yawo si yakuti chilichonse chili ndi chochiyambitsa, koma kuti chilichonse chimene chinayamba, kapena chimene chikanatha kusakhalapo, chimafunika chifukwa. Al-Ghazali, katswiri wa Chisilamu amene anamwalira mu 1111, anatsutsa kuti dziko lakhalapo kuyambira kale lomwe popanda chiyambi. Gottfried Leibniz anafunsa chifukwa chimene pali kanthu m'malo mwakuti pasakhale kalikonse. Darwin anafotokoza mmene zamoyo zimasinthikira, koma sanafotokoze kumene malamulo a chilengedwe anachokera. Ndipo mmodzi mwa oyamba kunena kuti thambo likufutukuka, mu 1927, anali Georges Lemaître wa ku Belgium, wansembe wa Katolika, amene iye mwini anachenjeza kuti sayansi yakeyo isatengedwe ngati umboni wa chiphunzitso cha tchalitchi.

Apa mbali zonse ziwiri zimafika pomwe mafunso amathera. Wina amaima pa Mulungu amene alipo mwa iye yekha, wina amaima pa chilengedwe chimene chilipo basi. Aliyense amaona kuti poimira pa mnzakeyo m'posakhutiritsa. Koma tiyenera kunena chilungamo: ngakhale mfundo ya chiyambi itapambana, imatifikitsa kwa woyambitsa, osati kwa Atate amene amamva pemphero. Antony Flew, amene anatsutsa za Mulungu zaka zambiri n'kusintha maganizo mu 2004, anavomereza mlengi, koma osati Mulungu wa chipembedzo chilichonse.

Mtsutso wina ndi wa malo obadwira. Mwana wa m'banja la Chisilamu ku Mangochi nthawi zambiri amakula Msilamu, wa pamishoni ya Nkhoma amakula wa CCAP, ndipo aliyense amatsimikiza kuti wapeza choonadi. Kodi chikhulupiriro si choyamwira chabe? Mfundoyi iyenera kutichepetsa mtima, koma imalumanso mwini wake. Wobadwira ku Prague kapena Stockholm masiku ano n'kosavuta kuti akule wosapemphera. Kumene ganizo linachokera sikutiuza ngati ndi loona kapena labodza.

Nanga munthu achite chiyani umboni ukakhala wosakwanira? W. K. Clifford mu 1877 anati n'kulakwa kukhulupirira chinthu popanda umboni wokwanira, ndipo anapereka chitsanzo cha mwini sitima amene anadzitonthoza kuti sitima yake yakale ili bwino, osaiyendera, anthu n'kumira. William James anayankha mu 1896 kuti pali zosankha zina zimene sizidikira, zimene kusasankha kumakhalanso kusankha, ndipo pamenepo munthu ali ndi ufulu wotsatira chiyembekezo chake. Clifford amatiteteza kwa aneneri onyenga amene amauza odwala kuti asiye mankhwala. James amatikumbutsa kuti zinthu zambiri zofunika pa moyo timazilowa tisanaone mapeto ake.

Funso lobwerera kwa wotsutsa

Wosakhulupirira nayenso ali ndi ngongole. C. S. Lewis, amene poyamba anali wosakhulupirira, anafotokoza kuti ankakana Mulungu chifukwa dziko linkaoneka lopanda chilungamo, kenaka anadzifunsa kumene anatenga muyeso wa chilungamowo. Ngati ndife zotsatira za mphamvu zosaona ndi zosamva, bwanji imfa ya mwana imatipweteka monga chinthu chimene sichinayenere kuchitika? Wotsutsa angayankhe kuti chifundo chinakula mwa ife chifukwa ndife zolengedwa zokhala m'magulu, ndipo safunika Mulungu kuti adziwe kuti ululu ndi woipa. Angawonjezere kuti iye akungoyeza Mulungu ndi muyeso umene okhulupirira eni ake anapereka. Yankho limeneli ndi lomveka, ndipo pali anthu ambiri osapemphera amene ndi achilungamo ndi achifundo.

Koma kuchotsa Mulungu sikuchotsa kuzunzika. Kumachotsa woti tim'funse, komanso chiyembekezo chakuti amene anafa mopanda chilungamo adzaweruziridwa mlandu wawo. Wosakhulupirira woona mtima amavomereza kuti zimenezi n'zowawa, n'kunena kuti kuwawa kwa mfundo sikuipangitsa kukhala yabodza, ndipo kukoma kwake sikuipangitsa kukhala yoona. Lewis yemweyo, amene mu 1940 analemba buku lofotokoza ululu mwadongosolo, mkazi wake atamwalira ndi khansa mu 1960 analemba lina lodzaza ndi mkwiyo ndi mafunso. Sanataye chikhulupiriro, koma anaona kuti mayankho okonzedwa bwino amalemera mosiyana ukakhala kuti wofedwa ndiwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chigamulo

Ndikayeza zonsezi, ndikuona zinthu zitatu. Choyamba, kuzunzika sikutsimikizira kuti kulibe Mulungu. Amene amati nkhaniyi inatha kalekale ndipo okhulupirira ndi anthu osaganiza sanawerenge Augustine, Al-Ghazali kapena Plantinga. Chachiwiri, kuzunzika ndi umboni wolemera, ndipo palibe yankho mwa amene tamva limene limanyamula katundu yense. Ufulu wosankha sufika pa malungo, kuumbidwa kwa mtima sikufika pa khanda, ndipo malire a nzeru amatseka pakamwa wotsutsa ndi wolalikira yemwe. Munthu angakhulupirire mwanzeru, koma azidziwa kuti akukhulupirira ali ndi funso losayankhidwa m'manja. Munthu angakayikenso mwanzeru, koma azidziwa kuti naye watsala ndi mafunso a chiyambi ndi a chilungamo.

Chachitatu ndicho ndikuchitsimikiza kwambiri. Yankho limodzi liyenera kutayidwa, ndipo ndi lija la Malagrida, lakuti ovutika akulangidwa. Nzeru zimalikana, chifukwa matope sasankha nyumba ya wochimwa. Malemba nawonso amalikana. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Atayamba kumufufuza tchimo, Mulungu anawadzudzula iwo, osati Yobu amene anafunsa mafunso owawa. Yesu anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa ena. Kuuza wofedwa kuti anali ndi chikhulupiriro chochepa, kapena kuloza gogo wa m'mudzi kuti ndiye mfiti yapha mwana, n'kuwonjezera nkhanza pamwamba pa tsoka.

Choncho abusa, mashehe, aphunzitsi ndi makolo, wachinyamata akakufunsani chifukwa chimene Mulungu analolera mng'ono wake kufa, musamutche wa satana. Akufunsa funso limene Aquinas analiika patsogolo ndipo Yobu analifuula. Muuzeni zimene mumakhulupirira, muuzenso pamene yankho lanu lathera. Ndipo inu amene mwasiya kukhulupirira, mtsutso wanu mupite nawo m'kalasi, pawailesi ndi m'mabuku, osati pasiwa. Maliro n'kulirana. Pa za kumwamba tingasiyane mpaka kale, koma neti yoteteza udzudzu, mankhwala m'zipatala, mitengo m'mapiri ndi malo abwino omangapo osauka zili m'manja mwathu, ndipo tikalephera pamenepo mlandu ndi wathu tonse.